Mandvi, Mzinda wa Amisiri a Zombo m'Dziko la India

 Amwenye tawadziwa kuyambira kale m'masitolo, koma ndi owerengeka mwa ife amene adafunsapo za kwawo kwa anthu amenewa. Chotero lero ndifuna kukamba za mzinda umodzi waung'ono wotchedwa Mandvi, pakuti mbiri yake ikhudzana ndi yathu, ngakhale makolo athu sadauone ndi maso.

Mandvi ali m'boma la Kutch, m'chigawo cha Gujarat, kuzambwe kwa India, pamene mtsinje wa Rukmavati uthira m'nyanja ya mchere. Adaukhazika ndi mfumu ya dzikolo, Rao Khengarji woyamba, cha m'ma 1580. Dziko la Kutch ndi louma, mvula yake ndi ya njomba, ndipo munthu wodalira khasu lokha sakhuta chaka chilichonse. Nchifukwa chake anthu a kumeneko adayang'ana kunyanja.

Chimene chidawathandiza ndi mphepo. Kuyambira mwezi wa November mphepo iomba kuchokera ku India kulinga ku Africa, tsono pofika April itembenuka ndi kubwerera. Amalinyero a ku Mandvi ankakweza matanga awo ndi mphepo yoyambayo, atasenza nsalu, makamaka yakuda ija agogo athu ankaitcha kaniki, nafika ku Muscat ndi ku Zanzibar. Ndipo ankabwerera kwawo ndi mphepo yachiwiri, zombo zitadzala minyanga ya njovu. Minyangayo ku India ankasema nayo zibangili za akwatibwi.

Apa mpamene nkhaniyi itifika pakhomo. Ina mwa minyanga imene inkasonkhana ku Zanzibar idachokera kuno kwathu. Aulendo a Chiyao ankaisenza mpaka ku Kilwa, ndipo ina inkaoloka nyanja yathu pa Nkhotakota, kwa Jumbe. Njira yomweyo ndiyo inkapita ndi akapolo. Amalonda a ku Kutch okhala ku Zanzibar sankalowa kumtunda kuno kawirikawiri, koma ndiwo ankakongoza nsalu ndi ndalama kwa eni maulendowo, mpaka msika wa akapolo wa ku Zanzibar udatsekedwa mu 1873. Sindinena izi kuti tisunge mangawa ndi zidzukulu zawo, iai. Koma munthu akamasirira makomo osemedwa bwino a nyumba zakale za ku Mandvi, ayenera kudziwa kuti mbali ya chuma chimenecho idayenda pa mapewa a anthu a kuno.

Ulemerero wa dokolo sudakhalitse. Pamene zidafika sitima za nthunzi, zidapeza kuti madzi a pa mathiriro a Rukmavati ngosaya, ndipo malonda adasamukira ku Bombay. India atalandira ufulu mu 1947, doko la Karachi lidagwera ku Pakistan, tsono boma lidamanga doko latsopano ku Kandla, m'dziko lomwelo la Kutch, osati ku Mandvi. Ana a amalonda adabalalika kunka ku Bombay, ku maiko a Aluya ndi ku Africa. Ife amene tidaona midzi yathu ikutsala ndi akazi ndi nkhalamba, anyamata atapita ku Joni ndi ku Harare, sitifuna wotimasulira zimenezi.

Pa kalembera wa 2011 mzindawu udapezeka ndi anthu opitirira pang'ono 51,000. Alankhula Chikutchi ndi Chigujarati, ndipo muli Ahindu, Asilamu ndi a chipembedzo cha Jain. Chivomezi chachikulu cha pa 26 January 2001 chidagwetsa mbali yaikulu ya Bhuj, likulu la bomalo, pa mtunda wa makilomita ngati 60, koma Mandvi adaonongeka pang'ono poyerekeza. Alendo amabwera kudzaona nyumba yachifumu ya Vijay Vilas, yomangidwa m'zaka za m'ma 1920, ndi kukwera ngamila pa mchenga wa kugombe. Kumsika agulitsa dabeli, chakudya chimene chidayambira konko: banzi loikamo mbatatesi yosinja, msuzi wa bwemba ndi mtedza wokazinga.

Koma chimene ine chindigwira mtima ndi amisiri a zombo, pakuti ntchitoyi sidafe. M'mphepete mwa Rukmavati, pafupi ndi mlatho wakale, mudakali mafupa a zombo zazikulu zamatabwa, zoimikidwa pamtunda ndi michirikizo. Ambiri mwa amisiriwo sadaphunzire ntchitoyi kusukulu. Mwana aitola kwa atate ake, poyamba kutumikira misomali, kenaka kugwira kasemasema. Ayamba ndi mtanda wa pansi, naimika nthiti, nakhoma matabwa limodzi limodzi, ndipo m'mipata atsekamo thonje lonyikidwa m'mafuta kuti madzi asalowe. Mitengo yaikulu ichokera kutali, ku Malaysia, popeza Kutch alibe nkhalango yotere. Chombo chimodzi chimatha zaka ziwiri kapena zitatu chisanakhudze madzi.

Zombo za masiku ano ziyenda ndi injini, sizidikiranso mphepo ya November, ndipo zisenza katundu pakati pa India, Dubai ndi madoko a ku Somalia. Ntchito yachepa, chifukwa matabwa akwera mtengo ndipo sitima zachitsulo zitenga katundu wambiri pa ulendo umodzi; anyamata ena athawira ku doko latsopano la Mundra kumene malipiro ndi a mwezi ndi mwezi. Chombo chikatha, amisiri akumba ngalande kutsogolo kwake, nadikira tsiku limene madzi a m'nyanja akwera kwambiri, kuti achinyamule okha.