Tipoti yosatsuka ndi sopo

Lero ndikufuna tikambirane za kanthu kakang'ono kokwana m'dzanja limodzi: tipoti ya dongo imene anthu a ku China amapangiramo tiyi. Mwina wina akuti, eti tasonkhana kuti timve za tipoti basi? Dekhani pang'ono. Matipoti ena a mtundu umenewu agulidwapo pa okushoni pa mtengo wa mamiliyoni ambiri a ndalama za ku China, chikhalirecho alibe golide ngakhale pang'ono. Ndi dongo lokhalokha.

Tiyambe ndi kamwedwe kake. Ife tinazolowera tiyi wa m'kapu yaikulu, wothira shuga ndi mkaka, pambali pali mbatata kapena mandasi. Kum'mwera kwa China, makamaka mumzinda wa Chaozhou ndi m'chigawo cha Fujian, kuli kamwedwe kotchedwa gongfu cha, kutanthauza tiyi wopangidwa mwaluso ndi mosamala. Katipoti kake kamalowa madzi ochepa, mwina mamililita 100 kapena 150, osapitirira theka la botolo la Fanta. Amaikamo masamba ambiri, n'kuthira madzi otentha, ndipo pakangopita masekondi ochepa amakhuthulira tiyiyo m'timakapu ting'onoting'ono. Shuga ayi, mkaka ayi. Masamba omwewo amawathira madzi kasanu, kasanu ndi kawiri, mwinanso kuposa apo, ndipo kakomedwe kamasintha ulendo uliwonse.

Kamwedwe ka masamba otere sikanayambe kale kwambiri monga mmene tingaganizire. Poyamba tiyi wapamwamba ankamuumba timibulu touma, ndipo pomwa ankamupera n'kumutakasa m'mbale. M'chaka cha 1391, mfumu Hongwu, imene inayambitsa ufumu wa Ming, inalamula kuti tiyi wopita kunyumba yachifumu azikhala wa masamba osaumba. Anthu wamba anatengera zomwezo. Ndiye masamba amafuna chiwiya chowavikamo, ndipo apa ndi pamene tipoti inapezera ntchito.

Matipoti otchuka kuposa onse amachokera ku Yixing, m'chigawo cha Jiangsu, pafupi ndi nyanja ya Taihu. Dongo lake amalitcha zisha, kutanthauza mchenga wofiirira. Koma musaganize za dongo lofewa la kudambo. Ili amachita kukumba m'phiri lili ngati mwala. Amalisiya panja kuti dzuwa ndi mvula zilifumbutse, kenako amalipera, kulisefa, kulikanda ndi madzi, n'kulisunga pamalo ozizira kwa miyezi kapena zaka. Woumba asanagwire n'komwe, dongolo limakhala litadya kale nthawi yaitali.

Kaumbidwe kakenso n'kodabwitsa. Mmisiri wa ku Yixing sagwiritsa ntchito gudumu lozungulira lija timaona m'mafilimu. Amamenya dongo ndi chibonga cha mtengo mpaka litaphwatalala, amadula zidutswa zoyeza bwino, amalumikiza chidutswa chachitali kuti chikhale ngati chitini, kenako amachipapasa ndi kathabwa pang'onopang'ono mpaka mimba ya tipoti itatuluka. Mlomo, chogwirira ndi chivindikiro amaziumba padera. Vuto ndi lakuti dongo limafota pouma ndi powotcha, makamaka lofiira lotchedwa zhuni, choncho mmisiri ayenera kudziwiratu kuti lifota motani kuti chivindikiro chidzakhale bwino pakamwa pake. Ogula ali ndi njira yoyesera: amadzaza madzi, n'kuyamba kuthira, kenako amatseka kabowo ka pa chivindikiro ndi chala. Ngati chivindikiro chagwira bwino, madzi amasiya kutuluka.

Tsopano tifike pa moto, pamene pagona nkhani yathu. Uvuni wakale wa ku China amautcha uvuni wa chinjoka, chifukwa ndi wautali ndipo amaumanga motsamira chitunda, mutu kumunsi, mchira kumtunda. M'mudzi wa Qianshu ku Yixing muli uvuni wotere wa m'nthawi ya ufumu wa Ming, wautali mamita opitirira 40, ndipo amawotcheramo mpaka lero. Moto amauyatsa kumunsi, kutentha n'kumakwera kokha ngati utsi m'chumuni. M'mbali monse muli mabowo, ndipo owotcha amaponyamo nkhuni za paini bowo ndi bowo, kukwera nawo moto mpaka kumtunda. Kutentha kumafunika kufika madigiri pakati pa 1,100 ndi 1,200. Akale analibe chipangizo choyezera. Ankangosuzumira pabowo n'kuona mtundu wa kuwala kwa ziwiya, basi.

Tangoganizani, anzanga. Mwaumba kwa milungu ingapo, mwalowetsa ntchito yanu yonse muuvuni, mwachezera usiku mukusonkhezera moto. Kenako mudikire kuti uzizire, chifukwa mukatsegula msanga ziwiya zimang'aluka. Potsegula, zina mupeza zapindika, zina zasweka, zina sizinapse chifukwa zinali pamalo pomwe moto unali wochepa. Nkhuni zanyowa pang'ono, mphepo yasintha, zonsezi zimaoneka pa tipoti. N'chifukwa chake masiku ano matipoti ambiri a ku Yixing amawotchedwa m'mauvuni a magetsi kapena a gasi, momwe kutentha kumamvera batani.

Nanga bwanji ena akukakamirabe nkhuni? Pali chinthu chimene magetsi sangachite. Phulusa la nkhuni limauluka ndi malawi n'kugwera pa chiwiya, ndipo moto ukakula limasungunuka n'kusanduka kachikuto konyezimira. Mbali yoyang'ana kumoto imasiyana mtundu ndi mbali ya kuseri, moti simungapeze matipoti awiri ofanana. Choseketsa n'chakuti amisiri akale ankaona phulusalo ngati chilema, ndipo ankabisa matipoti m'mabokosi a dongo kuti lisawakhudze. Lero amisiri ena amawasiya poyera dala, ndipo ogula amalipira ndalama zambiri chifukwa cha zipsera za motozo.

Tipoti ikatuluka muuvuni, ntchito sinathe. Yotsalayo ndi ya mwini wake. Matipoti a zisha sawapaka zonyezimira zija za pa mbale za m'sitolo, ndiye dongo limakhala ndi timabowo tosaoneka ndi maso timene timamwa fungo ndi mafuta a tiyi pang'onopang'ono. Apa ndi pamene pachokera malamulo awiri. Loyamba, satsuka ndi sopo, chifukwa fungo la sopo lingalowe m'dongo. Amangotsukuluza ndi madzi otentha, kupukuta ndi kansalu, n'kuisiya yovundukula kuti iume. Lachiwiri, ambiri amapatula tipoti imodzi kukhala ya mtundu umodzi wa tiyi: iyi ya oolong, iyo ya pu'er wa ku Yunnan. Pakapita zaka, khungu lake limayamba kuwala mofatsa. Kuwala kumeneku sikugulidwa. Paja akulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha.

Koma pomwe pali ndalama sipalephera achinyengo. Dongo labwino la m'phiri la Huanglong linayamba kuchepa, mpaka mu 2005 akuluakulu a ku Yixing analetsa kukumba kumeneko. Mu 2010 wailesi ya kanema ya CCTV inaulula kuti ena ankasakaniza dongo wamba ndi mankhwala opatsa mtundu n'kumagulitsa ngati zisha. Palinso matipoti opangidwa m'zikombole omwe amagulitsidwa ngati oumba pamanja, ndi ena opakidwa zinthu kuti aoneke akale. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Onse achinyengowa akufuna chinthu chimodzi: mtengo wa ntchito ya zaka, koma atagwira ya tsiku limodzi. Pofuna kuteteza lusoli, mu 2006 boma la China linaika kaumbidwe ka zisha pa mndandanda wa chikhalidwe choyenera kusungidwa.

Chomaliza, ndipo ine ndi chimene chimandikhudza kwambiri. Mukatembenuza tipoti ya ku Yixing, pansi pake mupeza chidindo cha dzina la woumba. Nthawi zambiri chimapezekanso m'kati mwa chivindikiro. Chifukwa cha mwambo wolemba mainawu, mpaka lero anthu akudziwa Shi Dabin, amene anaumba zaka pafupifupi 400 zapitazo, ndi Gu Jingzhou, amene anamwalira mu 1996 ndipo matipoti ake ndi ena mwa odula kwambiri aja. Dzina limachititsa mmisiri kusamala, popeza ntchito yoipa idzamutsata, ndipo limachititsa wogula kulemekeza manja amene anaumba.

Ndiye pobwerera kunyumba, yang'anani mtsuko wosungira madzi kapena mphika wa nyemba umene muli nawo. Nawonso unaumbidwa pamanja, nawonso unapsa ndi nkhuni. Funsani amayi kapena agogo kuti anauumba ndani, dongo analitenga kuti, ndipo ngati woumbayo akadali moyo, pali amene akuphunzira kwa iye? Mayankhowo mulembe m'kope, mubwere nawo tikadzakumananso.