MAU A PA JUBILI: ZA IWO AMENE APHUNZITSA ANAMWINO



Abambo ansembe, amai asisitere, mafumu athu, akatekisi, ndi inu nonse Akristu a Mishoni ya Nguludi, tikupatsani moni wa chaka cha Jubili. Pa tsiku lotere nkoyenera kuwerenga zokoma zimene Mulungu anatichitira, ndipo ife tapatsidwa kanthawi kakunena za chipatala. Tsono tifuna kunena za munthu amene odwala samdziwa dzina, ngakhale moyo wao uli m'manja mwache, ndiye mphunzitsi wa anamwino.

Mudziwa kuti Abambo a Montfort analowa m'dziko muno m'chaka cha 1901, nayamba nchito yao ku Nzama, ndipo posachedwa anafika kuno ku Nguludi. Asisitere a Daughters of Wisdom anawatsata m'chaka cha 1904. Anthu amenewa anali owerengeka, midzi inali yambiri, ndipo anaona msanga kuti wansembe mmodzi sangathe kufika pa bwalo liri lonse. Chifukwa chache anayamba kuphunzitsa akatekisi ndi aphunzitsi, kuti mau amene anamveka pa mishoni akamvekenso kumidzi yakutali. Inu akatekisi ndinu mboni za nzeru imeneyi: Akristu ambiri amene mwakhala muno anamva za Mulungu koyamba pakamwa pa katekisi, ndipo katekisiyo anali ndi womphunzitsa.

Nchito ya chipatala iyenda m'njira yomweyo. Namwino wabwino asamalira odwala amene ali pamaso pache tsiku limenelo. Koma namwino amene aphunzitsa ena, manja ache agwira nchito m'zipatala zambiri pa nthawi imodzi, ngakhale kumene mapazi ache sanapondeko. Pano tiri ndi chipatala cha St Joseph, ndipo pambali pache pali sukulu ya anamwino ndi azamba, imodzi mwa sukulu za bungwe la zipatala za mipingo la CHAM, limene linayamba m'chaka cha 1966. Anyamata ndi atsikana aphunzira m'menemo zaka 3, nalemba mayeso a bungwe la Nurses and Midwives Council of Malawi, limene linakhazikitsidwa m'chaka chomwecho cha 1966, ndipo akapambana abalalika m'dziko lonse. Chimene mphunzitsi wao anawazoloweza, chokoma kapena choipa, apita nacho kumeneko. Akulu anati m'mera mpoyamba.

Mphunzitsi wa anamwino ali ndi nyumba ziwiri zophunzitsiramo. Yoyamba ndiyo kalasi, mmene afotokoza za thupi la munthu, za matenda ndi za muyeso wa mankhwala. Yachiwiri ndiyo chipinda cha odwala, ndipo imeneyi ndiyo yovuta, pakuti kumeneko kulakwa sikufafanizika monga choko pa bolodi. Taganizani za kuchikuta. Mai akachira, nataya magazi opitirira theka la lita, moyo wache uli pa ngozi, ndipo mzamba ayenera kuzindikira msanga, kutikita chiberekero kuti chilimbe, kubaya mankhwala oyenera ndi kuitana anzache. Mwana akabadwa osalira, mzamba ali ndi mphindi imodzi yokha kuti ampukute, amtsegulire njira ya mpweya ndi kuyamba kumpopera mpweya ndi kathumba. Matenda akayamba, mtima wa mwana amene ali m'mimba uyenera kumvedwa theka liri lonse la ola, ndi kulembedwa pa pepala lache. Wophunzira angathe kuloweza zonsezi m'buku, koma pakati pa usiku, magazi ali pansi, manja ache adzachita chokhacho chimene anachita kambirimbiri pamaso pa mphunzitsi woleza mtima.

Mwina wina adzafunsa kuti, kodi namwino amene wagwira nchito zaka zambiri sangathe kuphunzitsa popanda kubwereranso ku sukulu? Tiyankha kuti kudziwa chinthu ndi kudziwa kuchipereka kwa wina ndi mphatso ziwiri. Alipo alimi okolola nkhokwe zodzaza amene sangathe kulongosolera mwana wao chifukwa chimene achitira chakuti. Inunso akatekisi munadziwa mapemphero musanapite ku maphunziro anu, koma kumeneko munaphunzira kuyamba ndi chapafupi, kufunsa mafunso, ndi kuzindikira ngati wophunzira wamva kapena angovomera ndi mutu.

Chifukwa chache kuli maphunziro apamwamba a anamwino ofuna kukhala aphunzitsi. Boma linatsegula Kamuzu College of Nursing m'chaka cha 1979, ndipo m'chaka cha 2021 sukuluyi inaphatikizidwa ndi sukulu ya madokotala ya ku Blantyre, nikhala Kamuzu University of Health Sciences. Kumeneko namwino amene ali kale ndi digiri yoyamba angathe kuphunzira digiri yachiwiri, yochedwa Masters, ya kaphunzitsidwe ka unamwino ndi uzamba. Aphunzira kukonza ndondomeko ya maphunziro, kuti chinthu chiri chonse chibwere pa nthawi yache. Aphunzira kuyesa ophunzira mwachilungamo, pa pepala ndi pa nchito ya manja yomwe. Aphunzira kuphunzitsa ndi zidole zopangidwa monga mai wapakati kapena khanda, kuti wophunzira alakwe pa chidole nakonzedwe, asanakhudze munthu wamoyo. Aphunzira kudzudzula wophunzira pambali, osamchititsa manyazi pamaso pa wodwala, ndiponso kusunga ulemu wa wodwalayo, amene sanabwere kudzakhala buku. Potsiriza achita kafukufuku, ndiko kufunsa funso limodzi, kusonkhanitsa umboni, ndi kulemba chimene wapeza. Mwa ichi aphunzira kusiyanitsa chizolowezi chabe ndi njira imene yayesedwa nipezeka yopulumutsa, pakuti nzeru za chipatala zisintha, ndipo mphunzitsi amene analeka kuwerenga aphunzitsa zimene anzache anazisiya kale.

Boma lathu lino la Chiradzulu laona ndi maso phindu la kuphunzitsa. M'chaka cha 2001 bungwe la Médecins Sans Frontières linayamba kupereka mankhwala otalikitsa moyo kwa odwala Edzi m'boma muno. Madokotala anali ochepa, odwala anali unyinji. Nchitoyo inafika ku zipatala zazing'ono za kumidzi chifukwa anamwino anaphunzitsidwa kuyambitsa ndi kulondola mankhwalawo, ndipo anali ndi owayendera ndi kuwalangiza pa nchito pomwepo. Ambiri amene ali moyo lero m'midzi yathu, alera ana ndi adzukulu, ndiwo zipatso za kuphunzitsa kumeneko. M'zaka zomwezo anamwino ambiri a dziko lino anapita kukagwira nchito ku Britain, zipatala zinatsala zopanda anthu, ndipo m'chaka cha 2004 boma linayamba ndondomeko yapadera yoonjezera malipiro ndi kuchulukitsa ophunzira m'sukulu za anamwino. Pamenepo chinaoneka poyera kuti kumanga kalasi nkwapafupi, koma kupeza woima patsogolo pache nkwapatali, pakuti mphunzitsi wa anamwino akula zaka zambiri: ayamba waphunzira unamwino, agwira nchito, naphunziranso.

Tsono tiri ndi zopempha zitatu kwa inu.

Choyamba chipita kwa makolo ndi eni mbumba. Namwino akapeza malo a maphunziro apamwamba, kawirikawiri ali kale pa banja, ali ndi ana. Kupita kwache kudzasiya mpata pakhomo, ndipo ndalama zidzachepa. Mwamuna amene alola mkazi wache kupita, ndi gogo amene atsala ndi adzukulu, achita nchito ya chifundo kwa odwala amene sadzawaona. Musamnene mai wotere kuti wanyada, kapena kuti wataya banja.

Chachiwiri chipita kwa inu nonse amene mudzagona m'chipatala. Mukaona wophunzira ali pambali pa bedi lanu pamodzi ndi mphunzitsi wache, mlandireni. Muli ndi ufulu wofunsa ndi wokana, ndipo iwo ayenera kupempha chilolezo chanu. Koma mukalola, dziwani kuti mwathandiza kukonza mzamba amene tsiku lina adzalandira mdzukulu wanu.

Chachitatu chipita kwa anamwino eni ache, ana athu. Pitani mukaphunzire, ndipo mukatha mubwere. Pafupi ndi ife, ku Mbombwe, kuli chitsanzo cha Dr Daniel Malekebu, amene anatsiriza maphunziro a udokotala ku Meharry Medical College ku America m'chaka cha 1917, nabwerera m'chaka cha 1926 kudzatsegulanso Providence Industrial Mission pakati pa anthu a kwao. Ndipo mukabwera, musakhale mu ofesi mokha. Mphunzitsi amene saonekanso m'chipinda cha odwala, ophunzira ache adzazindikira msanga kuti mau ache ndi a m'buku chabe, ndipo adzatsata zimene aona ena achita.

Inu akatekisi, muli ndi gawo lanu pa zonsezi. Mudziwa ana a m'midzi mwanu kuposa ife tonse. Mukaona mtsikana kapena mnyamata wanzeru, wa mtima wachifundo, amene anzache abwera kwa iye kuti awafotokozere zimene sanamve, mlimbikitseni asasiye sukulu, lankhulani ndi makolo ache, ndipo musalole kuti akwatiwe kapena kukwatira nthawi isanakwane. Pa malo ano, pamene kale panaphunzitsidwa aphunzitsi a sukulu, Yunivesite ya Katolika inatsegulidwa m'chaka cha 2006, kotero kuti ana athu akula akuona ndi maso kuti maphunziro apamwamba sali a anthu akutali okha.

Amene anayamba mishoni ino agona, ndipo ambiri mwa akatekisi ndi anamwino oyamba maina ao sanalembedwe; koma nchito yao iripobe chifukwa anaphunzitsa ena. Tipemphere kuti pa Jubili imene ikudzayo, pamene ambiri a ife sitidzakhalapo, sukulu ya anamwino ya Nguludi idzapezeke ndi aphunzitsi okwanira, odziwa nchito yao ndi oopa Mulungu. Yosefe Woyera, nkhoswe ya chipatala chathu, atipempherere, ndipo Mulungu akudalitseni nonse.