Musanapange kandege, yambani mwapanga sikelo

Lero ndipereka maganizo anga pa tindege ta nkhondo toseweretsa, tija toyendera batire. Anyamata athu ayamba kutipanga, ena mpaka kugula timota ndi ndalama ya ganyu. Kandege kakakana kunyamuka, ndalama ija yapita, mwananso wagwa ulesi. Nthawi zambiri vuto lake limakhala limodzi, kulemera.

Poyamba sankhani bwino ndege yoti mutengere. Ana amathamangira MiG-21, ija akuluakulu amaikumbukira pa nkhondo imene inatha mu 1992, kapena Spitfire ya ku Britain imene inayamba kuuluka mu 1936. N'zokongoladi, koma MiG mapiko ake ndi aang'ono, imadalira liwiro. Kamota kathu liwiro limenelo kalibe. Woyamba kumene atengere Piper L-4, ndege ya asilikali a ku America yozondera adani pa nkhondo yachiwiri ya dziko lonse. Mapiko ake ndi aatali, ali pamwamba pa thupi, ndipo imauluka mofatsa.

Tsono zipangizo. Kunja amagwiritsa ntchito mtengo wa balsa, umene wambiri umachokera ku Ecuador, wopepuka kwambiri kuposa paini. Kuno kulibe, koma tisadandaule. Mkati mwa phesi louma la chimanga ndi mkati mwa chiwale ndi mopepuka bwino, mumapanga thupi. Chinthu choyera chija amatchinjirizira wailesi m'katoni, pa Chipwitikizi amati esferovite, mukachicheka mopyapyala chimapanga mapiko. Kuti phiko lisathyoke, lowetsani kansungwi kamodzi kosendedwa ngati ndodo ya machesi, kuyambira uku mpaka uko. Waya wa galimoto zoseweretsa musiyeni, ndi wolemera. Samalaninso guluu: wina amasungunula esferovite, choncho yesani kaye pa kachidutswa. Pakani pang'ono, chifukwa guluu naye ndi katundu.

Mufunsa kuti tiyeza bwanji, poti sikelo yogulitsira chimanga siona magalamu. Pepala limodzi la A4, lija amasindikizira ku sukulu, limalemera magalamu 5. Mangani ndodo pakati ndi ulusi, mbali ina kolekani phiko, mbali ina mapepala. Mapepala 4 ndi magalamu 20. Basi sikelo yatheka. Ineyo kandege ka mapiko a masentimita 50 kapena 60 ndimafuna kasapitirire mapepala 10, kuwerengera mota ndi batire.

Apa mpamene ambiri amagwera. Batire lalikulu la wailesi limaposa magalamu 80, ndiye kuti lokhalo ladya kale kandege konse. Laling'ono la AA ndi pafupifupi magalamu 20. Mota ya m'kaseti yakale nayo ndi ntolo. Zoyenera ndi kamota ka m'tindege ta ana togula tikawonongeka, kolemera ngati pepala limodzi, ndi kabatire kake ka lithium ka mavoti 3.7. Makolo, apa tcherani khutu: batire la lithium, ngakhale la foni, likabooledwa, likapindika kapena likatupa limatha kuyaka moto. Mwana asalitchajire m'nyumba ya udzu popanda wamkulu, ndiponso asaulutsire pafupi ndi nkhokwe. Ngati muli ndi mabatire olemera okha, chitani monga ena amachitira ku Britain: batire likhale pansi pa mtengo wozika, kandege kazizungulira mtengowo, moto kazilandira kudzera pa timawaya tiwiri topyapyala. Pamutu pa mtengo pamafunika chozungulira kuti mawaya asapotane.

China ndi pamene kulemerako kwakhala. Mukudziwa thumba la chimanga likakhala kumbuyo kwenikweni kwa kaliyala, tayala lakutsogolo limadzuka. Kandegenso chimodzimodzi. Mchira uli kutali ndi mapiko, ndiye kanthu kakang'ono kumchira kamafuna zolemera zingapo kumphuno kuti zilingane. Mchira upepuke ndithu. Poyesa, gawani phiko patatu kuchokera kutsogolo kupita kumbuyo. Ikani zala ziwiri pansi pa mapiko pamene gawo loyamba lathera, kapena kutsogolo pang'ono. Kandege kakhale chopingasa, mphuno itaweramira pansi pang'ono chabe. Kakapendekera kumchira, sunthani batire kutsogolo. Osathamangira kumata mwala.

Penti nayenso amanyenga. Ndege ya nkhondo imakoma ndi mawangamawanga obiriwira, koma penti wa mafuta wa pachitseko amalemera. Lembani ndi cholembera cha mtundu, zikwanira.

Pomaliza, musanayatse mota, kaponyeni pang'onopang'ono m'mawa kopanda mphepo, pamalo a udzu wautali. Kakadzutsa mphuno kenako n'kugwa, mchira walemera. Kakalunjika pansi, mphuno yalemera. Kakatsetsereka bwinobwino ngati kabawi akutera, ndiye yatsani.

Makolo anzanga, mwana akamasenda mapesi tisamukalipire kuti akutaya nthawi, bola ntchito ya kumunda wagwira. Akuphunzira kuyeza, kuwerengera ndi kudekha. Mwezi wamawa amene wapanga abwere nako, tidzayeze pamodzi pano.