KHIRISIMASI NJA ANA, SI YA AKULU OKHA



Mwezi wa Disembala ukafika sukulu zimatsekera, mabasi amadzaza, ndipo mabanja ambiri a m'tauni amanyamuka ulendo wa kumudzi kukadya Khirisimasi. Kwa munthu wamkulu imeneyi ndi nyengo ya chisangalalo, koma kwa mwana wa zaka zitatu kapena zisanu nkhani imakhala ina. Iye amachotsedwa pamalo pamene adazolowera kugona, amaswera pamiyendo pa mayi ake kuchokera ku Blantyre mpaka ku Mzimba, ndipo akafika amalandiridwa ndi achibale amene sadawaonepo chibadwire. Akachita manyazi n'kukana moni, amadzudzulidwa kuti alibe mwambo.

Mwana wotere sadziwa kunena kuti ali ndi nkhawa. Thupi lake ndilo limamunenera. Amalira popanda chifukwa chooneka, amakana nsima, amadandaula m'mimba, amakakamira chitenje cha mayi ake, mwinanso amayambanso kukodza pogona ngakhale adaleka kale. Kholo lothamangira mkwapulo likaona zizindikiro zimenezi limangoonjezera mantha pa mantha.

Choyamba chimene makolo ayenera kusunga ndi nthawi. Bungwe loona za umoyo pa dziko lonse la WHO lidalangiza mu 2019 kuti ana a zaka 3 mpaka 4 azigona maola 10 mpaka 13 pa tsiku. Tsono gule ndi wailesi zikafika pakati pa usiku, mwana akhale atagona kale m'neti yake, pakuti imeneyi ndi nyengonso ya malungo. Chakudya nachonso chisachedwe chifukwa cha alendo.

Chachiwiri, mwana auzidwe pasadakhale kumene akupita, amene akakumane nawo ndi tsiku lobwerera, ndipo aloledwe kutenga kansalu kapena chidole chimene amachikonda. Asalonjezedwe nsapato zatsopano ngati ndalama palibe, chifukwa lonjezo losakwaniritsidwa limamupweteka kuposa kusowa nsapatoko.

Chachitatu ndi khalidwe la akulu eni ake. Ndalama ya mpunga ndi nkhuku imalimbirana ndi ya feteleza ndi ya zofunika kusukulu mu Januwale, ndipo mowa ukalowererapo m'nyumba mumabuka ndewu. Mwana amamva zonse, ndipo kawirikawiri amaganiza kuti wolakwa ndiye. Mikangano yotere ikambidwe ana ali kutali.

Asaiwalikenso ana a ku Chilobwe, Mulanje, Phalombe ndi Nsanje amene adaona namondwe wa Freddy mu Marichi 2023. Ena mwa iwo amanjenjemera mvula ikamagunda pa malata. Amenewa asasekedwe, koma afungatiridwe ndi kumvetseredwa, ndipo mantha akapitirira atengeredwe kuchipatala.

Lamulo losamalira ndi kuteteza ana la 2010 lidaika udindo wolera mwana pa kholo ndi womusunga aliyense, ndipo wodziwa za mwana wozunzidwa akhoza kuimba nambala yaulere ya 116. Komabe lamulo silingalowe m'nyumba iliyonse. N'chifukwa chake atsogoleri a chipani ndi ogwira ntchito m'boma akupemphedwa kukhala chitsanzo m'mabanja mwao, ndi kufalitsa uthenga umenewu pamisonkhano, m'matchalitchi ndi m'mizikiti. Makolo akale adati m'mera mpoyamba: mtundu wofuna nzika zodekha mawa uyenera kusamala mitima ya ana ake lero.