Pempho la Munthu Wamba ndi Nyumba za Malamulo

Mau amene analankhulidwa pa msonkhano wa nthambi yathu kuno ku mapiri a Dedza

Nkhani imene tabwera nayo lero ndi ya malamulo: kumene achokera, ndi khomo limene munthu wamba angalowere kuti mau ake afike kwa iwo amene amawapanga. Ambiri a ife timayesa lamulo ngati matalala, amene angogwa kuchokera kumwamba naononga chimanga, mwini munda wosafunsidwa. Koma lamulo lipangidwa ndi anthu okhala pa mipando ndi mapepala m'manja, ndipo kawirikawiri liyamba ndi kalata ya munthu wodandaula. Akulu anati, wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. Ife tionjezapo kuti chitsekocho chiyenera kukhalapo, ndipo kuseri kwake kukhale munthu amene ali ndi udindo wa kuyankha.

Tiyambe ndi Zomba. Mu 1907, chaka chimene dziko lino linapatsidwa dzina la Nyasaland, Boma la Britain linaika bungwe lopanga malamulo, lotchedwa Legislative Council. M'menemo munali Bwanamkubwa, akuluakulu a Boma, ndi Azungu atatu osankhidwa ndi Bwanamkubwa yemweyo. Munthu wakuda munalibe ngakhale mmodzi. Anati mmishoni ndiye adzatilankhulira, ndipo Alexander Hetherwick wa ku Blantyre Mission analowamo mu 1908. Chotero msonkho, malire a nkhalango, malo a Azungu ndi thangata wake, zonsezi zinakambidwa m'chipinda chimene eni nkhani sanaloledwe kupondamo.

Tsono makolo athu anatani? Anagwira cholembera. Mu 1912 kunabadwa North Nyasa Native Association ku Karonga, mlembi wake Levi Zililo Mumba. Mu 1920 a ku Mombera anayamba lao, ndipo mu 1927 bungwe la Chigawo chathu cha Pakati linayamba ku Lilongwe. Aphunzitsi, makalaliki, abusa ndi mafumu ena ankasonkhana, nalemba zimene agwirizana, nazitumiza ku Boma. Nkhani zao zinali za masiku onse: msonkho ndi khalidwe la otolera msonkhowo, sukulu, misewu ndi milatho, mtengo wa fodya ndi thonje. Kalata inkayamba kwa Bwana Disi, nikwera kufikira kwa Mlembi Wamkulu ku Zomba. Yankho linkachedwa, ndipo nthawi zambiri linali lokana. Koma iwo sanatope. Chaka ndi chaka anapempha maphunziro apamwamba. Sekondale yoyamba inatsegulidwa ku Blantyre mu 1940, ndipo yoyamba ya Boma inatsegulidwa pano pa Dedza mu 1951, Levi Mumba atamwalira kale mu 1945.

Kudandaula pa bwalo la mfumu ndi mwambo wathu wakalekale. Sitinauphunzire kwa mlendo. Koma pempho lolembedwa linali ndi mphamvu ina pamaso pa Angerezi, pakuti iwo kwao ankanyadira kuti munthu aliyense ali ndi ufulu wa kupereka dandaulo lake kwa Mfumu ndi ku Nyumba ya Malamulo. Polemba makalata aja, makolo athu anali kuwagwira Angereziwo ndi mwambo wao womwe. Chifukwa chake nkoyenera kuti tione pang'ono mmene mwambowo unkayendera ku England zaka 400 zapitazo.

Nyumba yao ya Malamulo ku Westminster ili ndi zipinda ziwiri. China ndi cha aphungu osankhidwa, House of Commons. Chinzake ndi House of Lords, ndipo masiku amenewo munkakhala nduna zobadwira mipando yao pamodzi ndi mabishopu 26, oweruza aakulu nakhala nao monga alangizi. Tsiku linkayamba ndi mapemphero, pambuyo pake mlembi nayamba kuwerenga mapepala. Lamulo lofuna kupangidwa linkawerengedwa katatu. Litawerengedwa kachiwiri linkaperekedwa kwa komiti ya anthu owerengeka kuti alipende mau ndi mau. Kenaka linkalembedwa pa chikopa, nilipita ku chipinda chinzake, ndipo potsiriza Mfumu inkavomereza. Musayese kuti onsewo anali malamulo a nkhondo ndi a msonkho. Ambiri anali a banja limodzi lokha: uyu afuna chilolezo chogulitsa malo a makolo ake kuti abweze ngongole, uyo ndi mlendo wofuna kuwerengedwa monga mbadwa.

Mu 1621 Mfumu James I inatumiza ku chipinda chimenechi pempho la munthu wina dzina lake Edward Ewer, amene sanakhutire ndi chiweruzo cha m'mabwalo. Ena atamva kuti ndunazo zikulandira madandaulo, nao analemba: a ngongole, a milandu ya malo, a m'ndende, ndi ena amene milandu yao inangokhala yosatha. Makalata anachuluka kotero kuti anaika komiti ya mapempho. Poyamba mlembi ankabwera nao pamaso pa nyumba yonse. Pambuyo pake komitiyo inapatsidwa mphamvu ya kusankha yokha oyenera kumvedwa ndi oyenera kubwezedwa. Mfumu yotsatira, Charles I, inalamula zaka 11 yosaitana Nyumba ya Malamulo, kuyambira 1629 kufikira 1640. Pamene zitseko zinatsekukanso, mapempho anafika mazanamazana, ndipo ena mwa iwo anali odandaula za nkhanza za mabwalo awiri a Mfumu, Star Chamber ndi High Commission. Mu 1641 mabwalo onse awiriwo anathetsedwa ndi lamulo.

Tisawatame mopitirira. Nduna zija sizinasankhidwe ndi anthu, ndipo mlimi wosauka, wosadziwa kulemba, wopanda ndalama za alembi ndi za ulendo wa ku London, sanafikeko msanga. Mu 1649 chipindacho chinathetsedwa, nichibwerera mu 1660. Koma zinthu zitatu tizisunge: panali khomo lodziwika, panali mlembi wolemba zonse m'buku, ndipo panali komiti ya ntchito yoyankha. Mu 1834 moto unapsereza nyumba za ku Westminster, koma mapepala a House of Lords anapulumuka chifukwa anasungidwa m'nsanja yapadera yotchedwa Jewel Tower. Mwa ichi madandaulo a anthu amene anafa kalekale akuwerengedwabe. Inde, mlandu suola.

Tibwerere kwathu, tione chimene chichitika pamene zitatuzo palibe. Mu 1946 bungwe lija la ku Zomba linapanga lamulo losamalira nthaka, Natural Resources Ordinance, ndipo mu 1949 analikhwimitsa. Makolo athu anangolitcha malimidwe. Linafuna mizere yopingasa phiri, milambala, kuzula mitengo ya fodya ndi thonje pa tsiku loikika, ndi kuleka kulima m'mbali mwa mitsinje. Ife a kuno, amene tidziwa mmene mvula ikokolera nthaka m'matsitso a mapiri athu kufikira Linthipe asanduka wofiira, sitinganene kuti cholinga chake chinali chopusa. Koma linapangidwa mlimi wosafunsidwa, ndipo linayenda ndi akapitao, ndi faindi, ndi ndende. Nanga mlimi akadandaule kwa yani? Kwa mfumu yake? Malamulo a 1933 anali ataika kale mafumu pansi pa Boma, ndi mabwalo ao, kotero kuti mfumuyo ndiyo inayenera kuweruza mlandu womwewo wa mizere. Ku Zomba anthu akuda oyamba analowa mu 1949, a Ellerton Mposa ndi a E. A. Muwamba, awiri okha pakati pa Azungu ochuluka.

Pamwamba pa izi panadza nkhani ya Chitaganya. Kumayambiriro a 1953 mafumu a dziko lino anapita ku London ndi pempho lao lokana kuphatikizidwa ndi maiko awiri a Rhodesia. Anafuna kuonana ndi Mfumukazi Elizabeth, koma sanaloledwe. Anakomana ndi nduna yoyang'anira maiko a pansi pa Britain, Oliver Lyttelton, ndipo iye sanasunthike. Mu May chaka chomwecho Inkosi Philip Gomani II ya ku Lizulu, pafupi ndi ife pompano, imene kale inali patsogolo pa ntchito yosamalira nthaka, inauza anthu ake kuti aleke kumvera malamulo a malimidwe. Boma linaichotsa pa mpando, nilifuna kuisamutsa. Inkosi inaoloka malire kulowa m'dziko la Apwitikizi pamodzi ndi mbusa Michael Scott, koma inabwezedwa, ndipo inamwalira mu 1954 ku chipatala cha Malamulo, kutali ndi kwao.

Taonani, abale, mtengo wa kukana kumva pempho. Chitaganya chinakakamizidwa mu 1953, koma chinatha pa 31 December 1963. Mizere, imene ikadatipulumutsira nthaka, inadedwa chifukwa cha dzanja limene linaibweretsa. Ngakhale bungwe la woweruza Devlin mu 1959 linaona kuti malamulo a malimidwe anautsa mkwiyo waukulu m'midzi. Chitapita chisankho cha 1961, chikakamizo chija chinalekedwa.

Komanso taonani chimene khomo laling'ono lingachite. Mu 1956 anthu akuda asanu analowa m'bungwe la ku Zomba: a Henry Chipembere, a Kanyama Chiume, a Ralph Chinyama, a N. D. Kwenje ndi a Dunstan Chijozi. Analibe mavoti okwanira kugwetsa lamulo lililonse. Chida chao chinali funso. Funso lofunsidwa m'nyumbamo linayenera kuyankhidwa, ndipo funso ndi yankho lomwe zinkasindikizidwa m'buku la zokambirana lotchedwa Hansard. Bukulo linagulidwa ndi anthu ambiri, niliwerengedwa m'dziko monse.

Nanga ife a lero tili ndi makomo otani? Malamulo aakulu a dziko lino a 1994 analonjeza chipinda chachiwiri, Senate, cha mipando 80, mmene boma lililonse likadatumiza mfumu imodzi. Chipindacho sichinakhale ngakhale tsiku limodzi, ndipo mu 2001 chinafafanizidwa. Chotero tili ndi chipinda chimodzi ku Lilongwe, ndi makomiti ake a zaulimi, a maphunziro, a zaumoyo ndi ena, ndipo wotinyamulira mau kumeneko ndiye phungu wathu. Tili ndi Khonsolo ya boma lathu, imene lamulo la 1998 linaipatsa mphamvu ya kupanga malamulo aang'ono a m'dera lake. Tilinso ndi bwalo la mfumu.

Wina asanene kuti makomo amenewa sabala kanthu, pakuti umboni uli m'boma lathu lomweli. Kumunsi ku Mtakataka, Inkosi Theresa Kachindamoto, imene inalowa ufumu mu 2003, inasonkhanitsa mafumu ake aang'ono kuti asaine pangano loletsa kukwatiwitsa ana. Amene anaswa panganolo inawaimitsa pa mipando, ndipo pofika 2016 inali itathetsa maukwati otere oposa 800. Pa nthawi yomweyo mafumu ena, mabungwe a amai ndi asungwana eni ake anali kudandaulira aphungu. Mu 2015 Nyumba ya Malamulo inaika zaka 18 kukhala msinkhu wa ukwati, ndipo mu February 2017 inakonza malamulo aakulu a dziko kuti pasakhalenso pozembera. Chimene chinali pangano la pa bwalo chinakhala lamulo la dziko lonse.

Tsono tamverani mmene tiyenera kulembera pempho lathu. Choyamba, kalata imodzi ikhale ya nkhani imodzi. Ngati ndi mlatho, tisaphatikizepo mtengo wa kachewere ndi malire a nkhalango ya Chongoni. Zimenezo zilembedwe pazokha. Chachiwiri, titchule malo, tsiku, ndi chiwerengero chimene tawerenga tokha: mabanja angati, ana angati aleka sukulu mtsinje ukadzala. Mau okuza nkhani apatsa woyankha mpata wotitsutsa. Chachitatu, tinene poyera chimene tifuna kuti chichitike, ndi amene ayenera kuchichita. Chachinayi, aliyense wovomereza asaine yekha kapena adinde chala chake. Dzina la munthu lisalembedwe iye osadziwa, pakuti dzina limodzi lonama liononga onse. Chachisanu, tipite pa khomo loyenera: za msika ku Khonsolo, za malire a minda kwa mfumu, zosintha lamulo la dziko kwa phungu. Chachisanu ndi chimodzi, mlembi wa nthambi asunge kalata yofanana, alembe m'buku tsiku loperekera ndi amene walandira, ndipo pa msonkhano uliwonse buku limenelo liwerengedwe, kuti tidziwe makalata amene ayankhidwa ndi amene ayenera kukumbutsidwa.

Mau a m'makalata athu akhale aulemu, koma osanyengerera. Makolo athu analemba pamene m'nyumba ya malamulo munalibe munthu wao, nadikira zaka zambiri. Ife tili ndi phungu, tili ndi khansala, ndipo onse awiri abwera kwa ife kudzapempha voti. Kuona maso a nkhono nkudekha. Tikapita kumidzi kwathu, mudzi uliwonse ukhale pansi, usankhe nkhani yake imodzi, ndipo pa msonkhano ukudzawu tibwere nazo zolembedwa.