Mawu a Mlendo Wolemekezeka pa Mwambo wa Tsiku la Madzi ku Chikwawa



Tsiku la 22 Malichi, limene maiko akhala akulikumbukira kuyambira 1993, limadzaza ndi nkhani za mijigo ndi mipopi, ndipo makomiti amene amasonkhetsa ndalama zokonzera mijigo ikawonongeka ayenera kuyamikidwa, koma funso limene silifunsidwa kawirikawiri ndi lakuti madziwo akafika pakhomo munthu amwe ochuluka bwanji. Pafupifupi magawo 60 pa 100 alionse a thupi la munthu wamkulu ndi madzi, ndipo madziwo amatuluka tsiku lililonse kudzera mu mkodzo, thukuta, chimbudzi ngakhalenso mpweya wopuma. M'chaka cha 2010 bungwe la European Food Safety Authority linanena kuti mayi amafunika malita 2 pa tsiku ndipo bambo malita 2.5, kuwerengera pamodzi madzi opezeka m'phala, m'ndiwo, m'thobwa ndi m'zipatso. Njira ina yapafupi ndiyo kuwerengera mamililita 30 mpaka 35 pa kilogalamu iliyonse ya thupi, pokumbukira kuti lita imodzi ndi mamililita 1,000, kotero kuti munthu wolemera makilogalamu 60 amafunika pafupifupi mabotolo anayi a theka la lita.

Komabe ziwerengerozi zinapangidwira anthu okhala kumalo kosatentha kwambiri ndiponso osagwira ntchito yakalavulagaga, pamene kuno kuchigwa cha Shire kutentha kwa Okutobala ndi Novembala kumapyola madigiri 40. Wodula nzimbe kapena wakabaza akhoza kutaya lita yathunthu ya thukuta pa ola limodzi, motero mabotolo anayi aja kwa iye ndi poyambira chabe. Mayi woyamwitsa awonjezere pafupifupi mamililita 700, ndipo amayi amene akhala pansi pa mtengo apo akudziwa bwino kuti amene walawirira ku mjigo ndi chidebe pamutu ndiye amakonda kumwa pomalizira, chizolowezi chimene chiyenera kutha. Agogo nawonso apatsidwe madzi asanapemphe, chifukwa ludzu limachepa ndi ukalamba ngakhale thupi likuwafuna. Khanda losakwana miyezi isanu ndi umodzi lisapatsidwe madzi konse, popeza mkaka wa m'mawere umakwanira, pamene odwala impso kapena mtima atsate muyezo umene dokotala wawapatsa, chifukwa kwa iwo madzi ochuluka amavulaza.

Muyezo wosasowa sikelo ndi mtundu wa mkodzo. Ukakhala wachikasu chotumbuluka ndiye kuti thupi lakhuta madzi, koma ukada ngati tiyi wopanda mkaka, makamaka mutu ukamawawa ndi milomo kuuma, ndiye kuti munthuyo wachedwa kale kumwa. Abambo amene amawerengera kachasu pa madzi a tsikulo amve bwino: mowa umachulukitsa mkodzo ndipo umaumitsa thupi.

Kuchuluka kwa madzi n'kopanda phindu ngati madziwo ali oipa, pakuti kolera amene anayamba mu Malichi 2022 anapha anthu oposa 1,700 m'dziko muno. Madzi akumwa awiritsidwe kapena athiridwe klorini n'kudikira mphindi 30, asungidwe mu mtsuko wovundikira, ndipo pakhale makapu awiri, yotungira ndi yomwera. Aphunzitsi aakulu akupemphedwa kuonetsetsa kuti kalasi iliyonse ili ndi ndowa yotere teremu ino isanathe, ndipo mafumu akambe nkhaniyi pa mabwalo awo.