MALO ADAPITA NDI PEPALA



Lero tikambirane za malo. Mukamapita ku Thyolo, mukafika cha ku Makwasa, mumaona tiyi kumanja, tiyi kumanzere. Koma anthu ambiri kuno akulima chimanga, chinangwa ndi nthochi m'mapiri otsetsereka. Timinda take n'tating'onoting'ono. Kodi zimenezi zidayamba bwanji? Mvetserani bwino, pakuti nkhaniyi ikukhudza inu amene mwaphunzira kuŵerenga.

Zidachitika ku Amereka

Tiyambe ndi dziko lakutali, kuti tione kuti sizidachitike kwathu kokha. Dziko la Amereka lidalengeza ufulu wake mu 1776. Nthaŵi imeneyo lidali laling'ono, zigawo 13 zokha m'mbali mwa nyanja ya kum'maŵa. Azungu ochokera ku Ulaya adachuluka, nayamba kusendera kumadzulo. Mu 1803 boma lawo lidagula dera lalikulu la Louisiana kwa Afalansa. Koma kumeneko kudali eni nthaka, amene Azungu ankaŵatchula kuti Amwenye. Iwoŵa sadafunsidwe.

Mtundu wina wa eni nthakawo ndi Acherokee. Mu 1835 kagulu kochepa ka Acherokee kadasaina pangano lopereka dziko lonse la mtundu wawo. Mfumu yawo yaikulu, John Ross, idakana panganolo pamodzi ndi anthu ambiri. Boma lidati pepala lasainidwa basi. Mu 1838 asilikali adaŵasamutsa, ndipo anthu zikwizikwi adafera pa ulendo. Kenaka mu 1862 boma lidakhazikitsa lamulo lakuti munthu wokakhala kumadzulo apatsidwe maekala 160, akalima pamenepo zaka zisanu. Mu 1869 njanji idalumikiza kum'maŵa ndi kumadzulo. Eni nthaka adatsala m'timadera tochepa timene boma lidaŵapatulira.

Mwaona njira yake? Mlendo amanena kuti malo alibe mwini. Kenaka amapeza anthu ochepa oti asaine m'malo mwa onse. Pepala likatha, njanji ndi asilikali zimabwera pambuyo. Tsopano tibwerere kwathu.

Mlendo adafika ku Thyolo

Akulu adati mlendo ndi mame, sachedwa kukamuka. Koma alendo amene adafika kuno m'zaka za m'ma 1880 sadakamuke. Adapeza Amang'anja ndi Ayao. Zidali zaka za nkhondo ndi malonda a akapolo, choncho anthu ambiri ankakhala mothinana pamalo obisika. Mzungu poona tchire lalikulu adati palibe mwini. Sadafune kumva kuti tchirelo ndi masala, ndi malo osaka nyama, ndi manda a makolo.

Alendowo adapita kwa mafumu atanyamula nsalu, mikanda, mfuti ndi wonga. Adatulutsa mapepala a m'Chingerezi, mafumu naikapo chizindikiro. Mwa mwambo wathu mfumu siigulitsa dziko. Imangoloza mlendo poti alime. Koma papepalapo padalembedwa kuti malo agulidwa mpaka muyaya, ndipo mafumuwo sakadatha kuŵerenga.

Mu 1891 dziko lino lidaloŵa m'manja mwa Angerezi, ndipo wolamulira woyamba adali Harry Johnston. Kuyambira mu 1892 iye adayamba kupereka kwa Azunguwo zikalata za umwini wa malo. Mzungu mmodzi, Eugene Sharrer, adalandira maekala oposa 360,000, ndipo ena mwa malowo adali kuno ku Thyolo. Taganizani, munthu mmodzi! Mu 1902 malo akewo adapita ku kampani ya British Central Africa. Mu 1908 njanji yodutsa kuno ku Thekerani idafika ku Blantyre, ndipo chaka chomwecho tiyi adayamba kubzalidwa ku Thyolo, khofi atakanika.

M'zikalata zambiri mudali mawu oteteza eni mudzi. Ankati midzi ndi minda imene idalipo kale isasokonezedwe popanda chilolezo cha boma. Mawu abwino ndithu. Koma zikalatazo zinkasungidwa ndi Mzungu ndi boma, ndipo eni mudzi ambiri sankadziŵa kuti mawu otere alipo. Komanso makolo athu ankasamutsa munda nthaka ikaguga. Akangosamuka, mwini esiteti ankati chitetezo chija chatha. Mu 1903 woweruza wina, Joseph Nunan, adagamula kuti eni mudzi akale asalipitsidwe lendi. Ngakhale zidatero, pa maesiteti zinthu sizidasinthe kwenikweni.

Thangata

Malo okha sabala ndalama, pamafunika manja. Cha m'ma 1900 Alomwe ambiri adayamba kuwoloka Ruo, kuthaŵa ntchito yakalavulagaga ndi nkhanza za Apwitikizi ku Mozambique. Ambiri a ife ndife zidzukulu zawo. Eni maesiteti adaŵalandira ndi manja aŵiri, pakuti obwera kumeneŵa sadali otetezedwa ndi chikalata chilichonse. Munthu ankapatsidwa pomanga nyumba ndi kamunda, koma ankalipira ndi thukuta. Mwezi umodzi udali wa lendi, wina wa msonkho, ndipo pa maesiteti ena miyeziyo inkatalikitsidwa. Ntchitoyo inkagwa nthaŵi ya dzinja, pamene munthu amayenera kupalira munda wake.

Mawu akuti thangata kale ankatanthauza kuthandizana pa ntchito. Pa esiteti adasanduka dzina la goli. Wokana ankathamangitsidwa. Mu 1928 boma lidakhazikitsa lamulo limene lidafafaniza kusiyana kwa eni mudzi akale ndi obwera. Onse adasanduka alendi pa nthaka ya mwini esiteti.

Anthu sadakhale chete

Mbusa John Chilembwe wa ku Chiradzulu adaphunzira ku Amereka komwe kuja, nabwerako mu 1900. Pa 23 Januwale 1915 anthu ake adaukira esiteti ya Magomero, kumene thangata adali woŵaŵa kwambiri. Kuukirako kudagonjetsedwa, ndipo Chilembwe adaphedwa, koma nkhani ya malo siidafe naye.

Mu 1946 boma la atsamunda lidaitana Sir Sidney Abrahams kuti afufuze za malo. Iye adalangiza kuti boma ligule malo a maesiteti amene sankalimidwa, ndi kukhazikapo anthu. Kugulako kudayamba, koma pang'onopang'ono. Mu Ogasiti 1953 kudabuka zipolowe kuno ku Thyolo, zimene zidafalikira maboma oyandikana nafe. Anthu adatseka misewu ndi mitengo, nakana lendi. Anthu 11 adaphedwa. Thangata adathetsedwa ndi lamulo la mu 1962, ndipo mu 1964 Malaŵi adalandira ufulu.

Ufulu udabwera, koma nthaka siikula ngati mwana. Minda ya tiyi idatsala, ndipo imalemba anthu ambiri ntchito. Anthu nawo adachulukana. Pakati pa 2004 ndi 2011, pa ntchito ya boma yotchedwa Kudzigulira Malo, mabanja pafupifupi 15,000 adapeza malo atsopano, ndipo ambiri ochokera ku Thyolo ndi ku Mulanje adasamukira ku Machinga ndi ku Mangochi. Ena a inu mudatsazikana ndi abale anu pa nthaŵi imeneyo.

Nanga inu lero?

Musaganize kuti kuŵerenga kokha kukadaletsa mfuti za atsamunda. Acherokee aja adali ndi zilembo zawozawo ndi nyuzipepala yawo, komabe adasamutsidwa. Koma lero amene akufuna munda wanu sabwera ndi mfuti. Amabwera ndi pepala, cholembera ndi ndalama, makamaka mwezi wa njala. Apa ndiye pamene sukulu yanu igwire ntchito.

Munthu akabwera ndi pepala la malo, musafulumire. Safunsa adadya phula. Khalani pansi, muŵerenge nokha mzere ndi mzere, ndipo mupeze mayankho a mafunso aŵa:

Kodi pepalali likunena kubwereketsa kapena kugulitsa?
Ngati n'kubwereketsa, n'kwa zaka zingati?
Kodi malire alembedwa bwino, kuchokera pati kulekeza pati?
Ndalama zalembedwazo, kodi ndi zomwe mwalandira?
Mboni ndani, ndipo amfumu akudziŵa?

Pepala likakhala la m'Chingerezi, pemphani kuti lilembedwe m'Chicheŵa, kapena mupite nalo kwa munthu amene inu mumamkhulupirira, osati amene wabwera ndi wogulayo. Musadinde chala pa pepala lopanda mawu. Mukasaina, lanu litsale m'nyumba mwanu, mulisunge m'pulasitiki kuti chiswe ndi mvula zisaliononge.

Chachiŵiri, munthu mmodzi asasainire mbumba yonse mseri. Kuno kwathu munda ndi wa mbumba, umayenda kuchokera kwa mayi kupita kwa ana. Malume ndi wosunga chabe. Inu amayi, pamene akukamba za munda musakhale ku khitchini. Khalani pomwepo, muŵerenge nawo.

Chachitatu, dziŵani kuti mu 2016 Nyumba ya Malamulo idakhazikitsa lamulo lolola kulembetsa malo a makolo kudzera m'makomiti a malo a m'midzi, ndipo m'makomitimo muyenera kukhala amayi. Kulembetsa kukafika m'mudzi mwanu, pitani mukaone ndi maso anu dzina limene lalembedwa pa munda wanu. Likalakwika, nenani tsiku lomwelo.

Pomaliza ndikupatsani ntchito. Sabata ino tengani kope lanu, mupite kwa agogo a m'mudzi mwanu. Afunseni kuti banja lanu lidachokera kuti, lidafika liti, adaloza malo ndani, ndipo malire ake ndi mtengo uti kapena mtsinje uti. Lembani zonse, ngakhale zilembo zikhale zokhotakhota. Mubwere nalo kopelo ku sukulu kuti tidzaŵerengerane.